Esitere Asokerera Dzina Lake M'buku

Dzina lake ndi Esitere Mlongoti. Liyambe lamveka limenelo, chifukwa nkhani yonseyi ndi ya dzinalo. Esitere Mlongoti, mwana wa malemu Felesiya, wa mbumba yathu ya kuseri kwa Mitundu, njira yopita ku Dzalanyama. Ndi uja amasoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pokwerera maminibasi.

Amene amamudziwa ngati telala amangodziwa mbali imodzi. Pansi pa makina ake pamakhala chitini cha mabisiketi, ndipo m'chitinimo simukhala mabatani ayi. Mumakhala makope asanu ndi awiri, olembedwa mpaka pachikuto. Makasitomala akachepa, anzake apakhonde amayamba miseche, iye amatulutsa kope n'kuliika pamwamba pa nsalu ya mwini wake, n'kumalemba. Wakhala akutero kuyambira ali mtsikana.

Sukulu anailekezera Fomu 2, chaka chimene mayi ake anamwalira. Mutu unalipo, aphunzitsi ake angachitire umboni, koma panali ang'ono ake atatu oti adye. Felesiya analera anawo ndi nkhuni za pamutu. Ankalowa m'nkhalango ya Dzalanyama, kuthamangitsana ndi alonda, n'kukagulitsa mtolo ku Malingunde, mpaka khosi linauma ndipo chifuwa chinamugwira. Nkhani imene Esitere ankaikonda kuposa zonse m'makope akewo inali ya mayi akeyo, ya tsiku limene alonda anawalanda nkhwangwa ndi chitenje chomangira mtolo, iwo n'kubwerera kunyumba atasenza nkhunizo zomanga ndi luzi. Anailemba kanayi konse, kufufuta ndi kuyambiranso.

Anakwatiwa ndi a Zakeyu Katsekera, mlimi wa fodya, amene anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu. Chilungamo chinenedwe: a Zakeyu samenya mkazi, kumunda amalimbika, ndipo mwana wawo Takondwa amamukonda. Koma zowerenga zawo zimathera pa zikwangwani za pamsewu ndi mauthenga a pafoni onena za feteleza. Tsiku lina anang'amba masamba awiri m'kope la Esitere n'kukulungira mbewu ya fodya. Atafunsidwa anadabwa kwambiri, amvekere, "Ndimayesa ndi mapepala akale, si olembalemba kale?"

Zaka zitatu zapitazo, mphunzitsi wina wa ku Nathenje, a Vincent Chikhasu, anabwera kudzafupikitsa thalauza. Anapeza Esitere akulemba, n'kupempha kuti aone. Anawerenga ali chiimire, thalauzalo lili pamkono, ndipo pomaliza anati, "Mayi, malo anu alipo. Tili ndi gulu la alembi a Mitundu ndi Nathenje. Bwerani Loweruka."

Gululo linali la anthu khumi ndi anayi: aphunzitsi, anamwino awiri, mlangizi wa zaulimi, ndi mkulu wina wogulitsa mayunitsi amene ankalemba ndakatulo zodzudzula mvula. Ankakumana Loweruka loyamba la mwezi, mwezi uno ku Mitundu, wamawa ku Nathenje, m'kalasi yobwereka. A Vincent ndiwo anali mlembi wa gulu, chifukwa anali ndi laputopu. Analinso mkulu wa mpingo, munthu waulemu wosefukira, woti ngakhale mbuzi ikawadutsa kutsogolo amatsala pang'ono kuipepesa.

Uthenga wa mipikisano, misonkhano ndi mwayi wosindikiza unkabwera pagulu lawo la pa Watsapu, ndipo n'kumene Esitere anaphunzirira kukwiya mwakachetechete. Foni ikalira, ankasiya nsalu n'kuthamangira kuona. Mpikisano wa nkhani, koma za m'Chingerezi. Wina wa m'Chichewa, koma wa achinyamata osapitirira zaka makumi awiri ndi zisanu, iye ali ndi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Maphunziro a alembi ku Blantyre, uthenga n'kufika Lachinayi, maphunziro ali Lachisanu m'mawa. Wina unafika tsiku lotsekera litadutsa kale ndi sabata, anthu a m'gulu n'kumaikabe timanja toombera pansi pake. Zaka ziwiri zinatha choncho.

"Ife a kumudzi uthenga umatipeza utazizira," ankatero Esitere, uku akupondereza makina mwamphamvu ngati makinawo ndiwo alakwa.

Kenako, m'mwezi wa Febuluwale, kunabwera wina wosiyana. Kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku ku Lilongwe inkafuna nkhani zazifupi khumi ndi ziwiri za m'Chichewa, za wina aliyense, wa msinkhu uliwonse. Chofunika chinali kutayipa ndi kutumiza pa imelo, pamodzi ndi fomu ya mlembi. Esitere analibe laputopu, imelo analibenso. Anakwera kabaza wa njinga yamoto m'matope a nthawi ya mvula mpaka ku Nathenje, kope lili m'jumbo pansi pa bulauzi, n'kukalipereka m'manja mwa a Vincent.

"Musasinthe kanthu, aphunzitsi. Ngakhale pamene mukuona ngati palakwika, ndi mmene amalankhulira mayi anga."

"Osadandaula, Mayi Katsekera. Ndikopera mmene ziliri."

Anakoperadi mmene zinaliri, osasintha ngakhale liwu limodzi. Koma pakopepo panalibe dzina. Esitere sankalemba dzina pamakope ake. Akanalemberanji, poti ankakhala m'chitini chake chomwe?

Mu Meyi yankho linabwera: nkhani yasankhidwa. Tsiku limenelo Esitere anasoka kolala ya yunifolomu ya mwana wa eni ake chozondoka, n'kumasula akuseka yekha. Kumudzi tinaphika thobwa. Iye anagula nsalu yobiriwira n'kuyamba kudzisokera diresi yokavala pa mwambo wokhazikitsa bukulo, umene anati udzachitika mu Ogasiti. Ankati akatseka maso amaona chinthu chimodzi chokha: dzina la Mlongoti litasindikizidwa ndi makina, pamwamba pa nkhani ya mayi ake.

Kutatsala masabata awiri, a Vincent anaika pagulu chithunzi cha tsamba la zam'katimu. Timanja toombera tinayamba kugwa. Esitere anakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kutsika mndandanda. Mutu wa nkhani yake unali pa nambala seveni. Pambali pake panalembedwa kuti Zakeyu Katsekera.

Anapukuta galasi la foni ndi chitenje, n'kuyang'ananso. Dzina silinasinthe.

Sanaimbe foni. Anavundikira makina, n'kukwera kabaza, ndipo anawapeza a Vincent akutuluka m'kalasi, choko chili mbuu m'manja.

"Aphunzitsi, Zakeyu Katsekera ameneyu ndi ndani?"

"Aa, Mayi Katsekera, mukufunsa ine za bambo a kunyumba kwanu?"

"Ndikufunsa za mlembi. Walemba liti nkhani munthu ameneyu?"

A Vincent anamulowetsa mu ofesi, n'kutsegula laputopu kuti aone yekha fomu ija. "Onani, ine ndinalemba bwinobwino. Mayi Zakeyu Katsekera. Ndi mmene timalembera pamakadi a ukwati, ndi mmene timalengezera kutchalitchi. Ndikanalemba bwanji dzina lanu la paubwana, ngati ndikuitana mwana wa Sitandade 4? Ndinu mayi wapabanja, ine ndinafuna kukulemekezani."

"Ndiye Mayiyo wathawira kuti?"

"Akutauniwo achotsa. Achotsa kwa aliyense. Abusa achotsa, Dokotala achotsa, Bambo achotsa. Akuti m'buku mumangokhala maina okhaokha."

"Inu munadziwa liti?"

A Vincent anayang'ana choko cha m'manja mwawo. "Mwezi watha anatumiza mndandanda kuti tione ngati muli zolakwika. Ndinaona ndithu. Koma ndinati, aa, si nyumba imodzi?"

"Nyumba imodzi!" Esitere anaomba m'manja kamodzi, mpaka mphunzitsi wina anasuzumira pazenera. "Satifiketi yanu ya uphunzitsi ili m'dzina la mayi a kunyumba? Si nyumba imodzi? Mukadwala, jakisoni amabaya iwo?"

"Pepani, mayi. Sindinaganize."

"Ulemu wanuwu wandifufuta, aphunzitsi. Bola mukanandinyoza, n'kulemba dzina langa."

Anawalamula kuti aimbire mkonzi wa bukulo pomwepo. Anali mayi wina dzina lake Everlyn, wa mawu ofatsa, ndipo anamvetsera zonse osadula.

"Mayi, pepani kwambiri. Koma mabuku mazana asanu atuluka kale, ali m'makatoni muno mu ofesi. Tikadzasindikizanso tidzakonza."

"Mudzasindikizanso liti?"

"Amenewa akatha."

"Atha liti?"

"Mabuku a Chichewa amayenda pang'onopang'ono, mayi. Sindikufuna kukunamizani. Koma pamwambo paja tidzalengeza kuti panalakwika."

Pofika kunyumba, uthenga unali utamutsogolera. Winawake anali ataonetsa chithunzi chija kwa amuna osewera bawo pamsika, ndipo a Zakeyu anabwera akumwetulira ngati fodya wawo wagulidwa yense pa giredi yoyamba.

"Nambewe, wamva?" anatero, pomuitana Esitere ndi dzina la mfunda wake. "Akunditchula kuti alembi! A Jeremiah a pagalaja mpaka anandivulira chipewa."

"Inu munawayankha chiyani?"

"Ndinangoseka. Ndikanatani?"

"Mukanawauza kuti simunalembe."

"Aa, iwenso. Ine sindinabe dzina la munthu, bukulo landipeza ndili kudimba. Komanso dzinalo si lako lomwe? Unalivomera pamaso pa abusa."

"Ndinavomera inu, bambo a Takondwa. Sindinavomere kuti mayi anga akhale nkhani ya kwa Katsekera. Munawaonako mayi anga inu? Mukudziwa phewa limene ankatulira mtolo?"

A Zakeyu anakanda kumutu. Mayiwo sanawaonepo, anabwera pamudzi pano manda atamera kale udzu. Komabe m'maso mwawo munkaoneka kuti sakumvetsa chimene chavuta, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Esitere kuposa nthabwala za pabawo. Kutchalitchi amayi anzake ankamugwira dzanja, amvekere, "Mwachita mwayi, mwamuna wanzeru chotere." Akafotokoza, ena ankati, "Ee, koma ulemu wapita pakhomo panu pomwe." Anafotokoza mpaka malovu kuuma. Diresi yobiriwira ija inakhala sabata yathunthu yopanda zipi.

Anaimaliza tsiku lomaliza. Loweruka la mwambowo anakwera minibasi ya ku Lilongwe, iye, a Vincent ndi ena anayi a m'gulu. A Zakeyu nawonso anati aperekeza, atavala jekete imene Esitere yemweyo anawachepetsera mapewa.

Holo inali yodzaza bwino: ophunzira a kukoleji, aphunzitsi, anthu a makamera. Mabuku anawaunjika patebulo lakutsogolo, onunkhira inki. Alembi ankaitanidwa mmodzimmodzi kukawerenga ndime. Esitere ankayang'ana Everlyn, kudikira chilengezo chija, koma Everlyn anali pakhomo, akulimbana ndi anthu obweretsa zakumwa. Woyendetsa mwambo, mnyamata wa tayi yofiira, anangotsata bukulo.

"Nambala seveni! Tiwaombere m'manja Bambo Zakeyu Katsekera ochokera ku Mitundu!"

Munthu akamva dzina lake amadzuka, ndi mmene tinaleredwera. A Zakeyu anayamba kudzuka. Anali asanawongoke pamene dzanja la Esitere linagwira jekete kumbuyo n'kuwabweza pampando, phi! Iye ndiye anaimirira, n'kuyenda pakati pa mipando mpaka kutsogolo.

"Mayi, mwabwera kudzawaimirira bambo?" anafunsa wa tayi uja. "Sakupeza bwino?"

"Bambo ali bwino, ndi awo akukonza jeketewo. Akafuna fodya wabwino anthu awafunse iwo. Nkhaniyi ndalemba ndine." Anatenga maikolofoni. "Dzina langa ndine Esitere Mlongoti. Amene muli ndi cholembera, lembani. Esitere Mlongoti, mwana wa Felesiya, amene mumve nkhani yake tsopanoyu."

Ena anaseka, poyesa kuti ndi sewero lokonzeratu. Everlyn anathamanga kuchokera pakhomo, n'kupepesa pamaso pa onse, mawu akuphonyaphonya. Kenako Esitere anawerenga. Sanayang'ane kwambiri pabuku, ndimeyo ankaidziwa pamtima. Atafika pamene Felesiya akusenda luzi ndi mano chifukwa nkhwangwa alanda, muholo munali zii. Mayi wina wa pamzere wachiwiri anavula magalasi n'kupukuta m'maso. A Zakeyu, amene nkhaniyo ankaimva koyamba, anakhala chowerama, chipewa chili pabondo.

Pobwerera m'minibasi anangoti, "Nambewe, sindimadziwa kuti munali zimenezi m'makope muja." Esitere mtima unatsikako. Anaganiza kuti zatha, anthu amva.

Lolemba foni inalira. Linali lipoti la mwambowo, limene linkazungulira m'magulu a alembi m'dziko lonse. Wolemba lipotilo ayenera kuti anafika mochedwa, kapena sanafike n'komwe, anangotenga buku n'kuwerenga kunyumba. Anayamikira kwambiri nkhani ya nambala seveni. Anati ku Mitundu kwatuluka mlembi watsopano, Zakeyu Katsekera, bambo amene walemba za mavuto a amayi mwaluso ngati kuti iye mwini anasenzapo nkhuni.

Esitere anawerenga kawiri. Anaika foni chafufumimba pamakina, osagwiranso singano mpaka kasitomala amene ankadikira siketi anatola nsalu yake n'kunena kuti abweranso mawa. A Vincent analemba uthenga wautali wokonza cholakwikacho n'kuutumiza pagulu. Unawerengedwa ndi anthu khumi ndi anayi omwe aja, amene ankadziwa kale. Lipoti lija linapitirira ulendo wake.

Gulu linali litalandira mabuku makumi awiri oti ligawane ndi kugulitsa. Esitere anawaitanitsa onse, asanapite kwa wina aliyense. Anaganiza zofufuta ndi cholembera, koma anati inki pamwamba pa inki imaoneka ngati mwana wasewera ndi buku. Anatenga nsalu yoyera yotsala ku mayunifolomu a anamwino, n'kuidula timizere tating'ono ngati chala. Pa kamzere kalikonse analemba ndi inki yosafufutika kuti Esitere Mlongoti. Buku loyamba analiika pamakina, singano n'kung'amba tsamba. Anatukwana pang'ono, n'kutenga singano yapamanja ndi ulusi wofiira. Buku lililonse malo awiri: patsamba la zam'katimu, ndi pamwamba pa nkhani. Ankabaya pang'onopang'ono kuti pepala lisang'ambike, dzina la a Zakeyu n'kutsala kunsi kwa nsalu.

Anzake apakhonde ankamuseka. "Esitere, wayamba kusoka zigamba za mabuku? Ndibwera nalo Baibulo langa, lathothoka!"

"Bweretsa, koma ndilembamo dzina langa," anayankha osadzutsa mutu.

Ntchitoyo inamutengera masiku anayi. Pamsonkhano wa Seputembala ku Nathenje anatula mabukuwo patebulo, n'kupempha lamulo latsopano: fomu iliyonse yotuluka m'gululo, dzina azilemba mwini wake ndi dzanja lake. Onse anavomera. Kenako anatembenukira kwa mlembi wa gulu.

"Aphunzitsi, itanani maina. Muyambire langa."

A Vincent anatsegula kaundula. "Mayi Katse..."

"Ayi."

Anatsokomola, n'kumasula batani la pakhosi. Munthu wa zaka makumi asanu, mkulu wa mpingo, thukuta kamukamu ngati akumuuza kuti avule nsapato pamaso pa apongozi.

"A... a Esitere. A Esitere Mlongoti."

"Ndilipo," anatero Esitere. Wa mayunitsi uja anaimba mluzu.

Mpaka lero a Vincent amati akafika padzinalo amayamba ameza malovu. A Zakeyu pabawo akuwatchulabe alembi. Masiku ano amakana, amvekere, "Ndi mayi a kunyumba," koma amakana akumwetulira, ndipo dzinalo lawakanirira. Everlyn amati akafunsidwa za kusindikizanso, amayankha kuti makatoni akadalipo. Esitere akulemba nkhani ina, ndipo tsopano tsamba lililonse la kope limayamba ndi dzina lake pamwamba, lodindidwa mwamphamvu mpaka kuonekera kuseri.

Sabata yatha, masana a tsiku la msika, pakhonde paja panaima namwino wina wa ku Diamphwe, atanyamula buku limene anagula m'tauni. Anati anauzidwa kuti afunse kwa atelala.

"Zikomo mayi. Ndikufuna Bambo Katsekera, olemba nkhani ya nkhuni ija. Mayi anganso ankasenza nkhuni, ndiye ndinalira poiwerenga. Ndimafuna andisainire. Ndingawapeze kuti?"

Esitere anamuyang'ana nthawi yaitali. Anapuma mozama, n'kukankhira mpando kwa mlendoyo ndi phazi.

"Khalani apa, achemwali. Bweretsani bukulo."

Anatsegula kabati ka makina, mmene timizere toyera tija timakhala todulidwa kale, n'kunyowetsa nsonga ya ulusi wofiira ndi malovu.

"Limeneli ndi la makumi awiri ndi chimodzi," anatero akulowetsa ulusi pasingano. "Mukakumana ndi wina amene ali nalo, mumuuze abwere nalo kuno."